Namondwe akakuwonongerani nyumba kapena geni ku America: FEMA, loni ya SBA, inshulansi, muyambe kugogoda pati?

Nyengo ya anamondwe ku America imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo chaka chilichonse ukangodutsa wamphamvu madandaulo amakhala omwewo, ati boma latitaya, ati FEMA, nthambi ya boma yothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, yangotipatsa $750 basi pamene nyumba yonse yalowa madzi. Abale athu alipo ku Florida, Texas, Georgia ngakhale ku North Carolina, ena anagula nyumba pa mortgage, ngongole ya nyumba ija, ena ali pa lendi, ena ali ndi timageni tawo toluka tsitsi, toyeretsa m'nyumba za anthu, tosamalira okalamba, nde nkhani iyi si ya azungu okha ayi. Chomwe ndikufuna mumve kuyambira pano ndi chakuti ndalama yaulere ya boma ilipo koma ndi yochepa, ndalama yambiri ili mu loni ndi mu inshulansi, ndipo kwa munthu wa geni boma lalikulu la ku Washington kwenikweni limangobwereketsa, silipereka.

Tiyambe ndi FEMA poti ndi dzina lomwe aliyense amalidziwa. Sikuti namondwe akangowomba basi ndalama zatuluka, pulezidenti amayenera alengeze kaye kuti kwagwa ngozi yaikulu, ndipo county, kunena kuti dera la m'state, yomwe mukukhala iyenera ikhale pa mndandanda wa madera omwe anthu ake angalandire thandizo. Zikatero mumalembetsa pa DisasterAssistance.gov kapena pa app yawo kapena pafoni, ndipo nthawi zambiri amapereka masiku 60 kuchokera tsiku lomwe alengeza, nthawi zina amawonjezera koma musadalire zimenezo. Ka $750 kamene kanavuta nthawi ya Helene kaja, namondwe amene anafika kumtunda pa 26 Sepitembala 2024 kufupi ndi Perry ku Florida n'kukawononga mpaka kumapiri a ku Asheville ku North Carolina, ndi kandalama kongoyambira chabe, kogulira chakudya, madzi, mkaka wa mwana, mafuta agalimoto, mankhwala. Si loni ayi, simubweza, ndipo kulandira kameneko sikutseka khomo la zina zija. Anthu anafalitsa bodza pa Facebook ndi TikTok kuti ukalandira boma lidzakulanda malo, ena mpaka anaopa kulembetsa, zomvetsa chisoni kwambiri chifukwa anataya ndalama yomwe inali yawo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 kanakwera kufika $770.

Thandizo lenileni la FEMA lili pawiri. Pali la nyumba, ndiye kukonzetsa ndi kumanganso, kenako pali la zofunika zina monga katundu wa m'nyumba, galimoto, chipatala, maliro, kusamalira ana. Mbali iliyonse ili ndi malire ake, nthawi ya Helene anali $42,500 mbali imodzi, pa namondwe Milton amene anabwera pa 9 Okutobala chaka chomwecho anali $43,600. Ndalama ya lendi yoti mukhale kwina pamene nyumba ikukonzedwa amaiwerengera padera ndipo itha kupitirira mpaka miyezi 18 ngati mukuwonetsa kuti mukuvutikabe. Koma musawone $43,600 n'kuyamba kuwerengera, amene amafika pamalire amenewo ndi ochepa, ambiri amalandira pansi kwambiri, chifukwa cholinga cha FEMA n'choti nyumba ikhale yoti munthu angagonemo bwinobwino, denga lisadonthe, magetsi ndi chimbudzi zigwire ntchito, osati ibwerere mmene inalili ndi matailosi ake ndi kicheni yake yokongola ija. Nyumba yachiwiri kapena yomwe mumachititsa lendi saiwerengera, ndi yokhayo yomwe mumagonamo.

Ubwino wake ndi umodzi waukulu, simubweza, simulipirapo msonkho, ndipo siikhudza Medicaid (thandizo la boma la zachipatala) kapena Social Security (penshoni ya boma) yanu. Komanso mu Malichi 2024 anasintha malamulo angapo omwe ankazunza anthu. Kale umayenera upemphe kaye loni ku SBA, nthambi ya boma yoona za mabizinesi ang'onoang'ono, akukanize, ndiye FEMA ikuganizire pa katundu ndi galimoto, pano zimenezo anachotsa. Anavomeranso kuthandiza munthu amene inshulansi yamulipira koma ndalama yake sinakwane. Ndipo munthu wodzilemba yekha ntchito atha kuthandizidwa kugulanso zida zake, kaya makina ometera, kaya mashini otchetchera kapinga, kaya zida za ukalipentala, koma ndi zida zokha, osati shopu kapena katundu wogulitsa.

Apa pali nkhani ya mapepala yomwe kwa ife ndi yofunika kuposa zonse. Ndalama ya FEMA imapita kwa nzika, kwa wa green card, kwa othawa kwawo omwe anavomerezedwa ndi magulu ena ochepa. Wa visa ya sukulu, wa visa yongocheza, wa visa ya ntchito yakanthawi, kapena amene mapepala anatha, payekha sangalandire. Koma ngati m'nyumbamo muli mwana wosakwana zaka 18 amene anabadwira ku America, kholo litha kulembetsa m'dzina la mwanayo banja lonse n'kuthandizika, kapenanso ngati muli wamkulu mmodzi yekha woyenerera. Malo ogona ongoyembekezera, chakudya cha Red Cross ndi cha mipingo, zimenezo sizifuna green card. Mmene zinthu zilili masiku ano pa nkhani za anthu obwera, amene mapepala ake sali bwino ayambe walankhula ndi loya wa za immigration kapena a legal aid asanalembe fomu ya boma iliyonse, ndikunena izi ndi mtima wonse.

Tsopano SBA. Dzina lake limanamiza chifukwa limamveka ngati ndi la mabizinesi ang'onoang'ono okha, koma pa nthawi ya ngozi amabwereketsanso eni nyumba ngakhale a lendi amene, ndipo apa ndi pamene pali ndalama yoti n'kumangiradi nyumba. Mwini nyumba atha kubwereka mpaka $500,000 yokonzera nyumba yomwe amakhalamo, ndipo mpaka $100,000 ya katundu ndi galimoto, iyi yachiwiriyi wa lendi nayenso atha kutenga. Chiwongola dzanja ngati simungathe kupeza loni kwina sichipitirira 4%, ngati awona kuti banki itha kukubwereketsani sichipitirira 8%, nthawi ya Helene eni nyumba ena amapeza pa 2.813%. Kubweza mpaka zaka 30, ndipo chaka choyamba simulipira kanthu komanso chiwongola dzanja sichiwerengedwa. Mukayerekeza ndi credit card yomwe imadya kupitirira 20% pachaka, kusiyana kwake n'kwakukulu, nde munthu amene akukonzetsa nyumba ndi khadi chifukwa choopa mawu oti loni ya boma akudzipweteka yekha.

Komatu loni ndi loni. Amayang'ana credit yanu, mbiri ya mmene mumabwezera ngongole, amayang'ana ngati mungathe kubweza, ndipo ndalama ikakula amafuna chikole, kawirikawiri nyumba yomweyo, ndiye kuti pamwamba pa mortgage yakale mwawonjezera ina. $50,000 pa 4% kwa zaka 30 ndi pafupifupi $240 mwezi uliwonse, kwa munthu wa zaka 35 amene ali pa ntchito yokhazikika ndi zotheka, kwa agogo amene akudalira Social Security yokha ndi katundu wolemera ndipo mwina adzasiyira ana ngongoleyo pa nyumba. Ine maganizo anga ndi oti lembetsanibe, chifukwa kulembetsa n'kwaulere ndipo akakuvomerani simukakamizidwa kutenga, mutha kutenga theka kapena kukana. Kusiyana n'kudzafuna nthawi itatha kale. China chomwe anthu amachiphonya, atha kukuwonjezerani mpaka 20% ya zomwe zawonongeka kuti mulimbitse nyumba, kukweza maziko, kumanga denga lolimba, kuika mawindo osasweka ndi mphepo.

Ndipo musaganize kuti SBA ndalama zake sizitha, mu Okutobala 2024 thumba lawo la maloni a ngozi linaumiratu pambuyo pa Helene ndi Milton, anthu analembetsa n'kumangodikira mpaka Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, inadzaikamo ndalama kumapeto kwa Disembala. Amene anali atalembetsa kale ndi amene anali kutsogolo pamzere.

Kwa a geni ndiye nkhani ndi yowawa pang'ono. Tiyerekeze mayi amene ali ndi saluni yoluka tsitsi ku Tampa, madzi alowa kufika m'mawondo, mipando yanyowa, ma dryer apsa, mesh yonse yomwe anaoda yadzaza matope, khoma la drywall lamwa madzi moti akuyenera kulidula kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mzere wamatope uja lisanachite nkhungu, ndipo landilodi akufunabe lendi yake pa 1. FEMA siilipira shopu. Chomwe chilipo ndi maloni awiri a SBA. Yoyamba ndi yokonzera zomwe zawonongeka, nyumba ya bizinesi, makina, katundu wogulitsa. Yachiwiri amaitcha EIDL, ambiri munaimva nthawi ya Covid, iyi ndi ya mpamba woyendetsera geni, kulipira lendi, antchito, mabilu, ndipo mutha kuipeza olo shopu yanu sinakhudzidwe ndi dontho limodzi la madzi, bola muwonetse kuti makasitomala anasowa chifukwa cha namondwe, monga zinachitikira ku Asheville komwe madzi akumwa a m'mipopi anatha milungu yambiri asanabwerere ndipo malesitilanti ambiri anangotseka. Zonse pamodzi malire ndi $2 million, chiwongola dzanja chimayambira cha m'ma 4%. Ya EIDL amapereka nthawi yaitali yolembetsa, pafupifupi miyezi 9, pamene ya zowonongeka ndi masiku 60 omwe aja.

Funso lomwe mayi ameneyu ayenera kudzifunsa si loti andivomera kapena ayi, koma loti makasitomala anga abwerera? Ngati dera lonse anthu asamuka, loni ya zaka 30 pa geni yomwe ifa pakatha chaka ndi goli, chifukwa loni ikakulirapo mwini amasainira yekha kuti geni ikagwa adzabweza ndi za m'thumba mwake. Ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwera, geni yolandira cash ndi Zelle (yotumizirana ndalama pafoni) yokha, osalemba mabuku, pa msonkho kumalemba ndalama yochepa kuti tisalipire zambiri. SBA imayang'ana mapepala a msonkho, nde ngati munauza IRS, bungwe lotolera msonkho, kuti mumapeza $12,000 pachaka simungauze SBA kuti mwaluza $80,000, zimakanika.

Maboma a ma state ena ali ndi zawo zomwe zimafulumira kuposa za ku Washington. Florida ili ndi Emergency Bridge Loan, mpaka $50,000 kwa mabizinesi ambiri, yopanda chiwongola dzanja, koma ndi ya nthawi yochepa, cholinga chake n'choti mupume kaye podikira inshulansi kapena SBA. Ndi yabwino kwa amene akudziwa kuti cheke chikubwera, kwa amene alibe chomwe akudikira ndi msampha chifukwa tsiku lobweza limafika msanga. Ma grant enieni a mabizinesi amapezeka apo ndi apo kuchokera ku mizinda, ma chamber of commerce ndi mabungwe achifundo, amakhala ang'onoang'ono ndipo amatha msanga, mukangomva thamangani. Palinso Disaster Unemployment Assistance yomwe anthu odzilemba okha ntchito saidziwa, woyendetsa Uber, woluka tsitsi, woyeretsa m'nyumba, amene sangalandire unemployment wamba, ndalama yomwe boma limapatsa munthu ntchito ikamuthera, atha kulandira iyi mpaka milungu 26, mumalembetsa ku ofesi ya state yanu ndipo simubweza.

Inshulansi si thandizo la boma kwenikweni koma sindingaisiye chifukwa zonse zija zimazungulira pa iyo. Lamulo limaletsa boma kulipira chinthu chomwe wina walipira kale, nde FEMA ndi SBA onse amayamba afunsa kuti inshulansi yakupatsani zingati, ndipo mukalandira kawiri pa chinthu chimodzi adzakulemberani kalata kuti mubweze. Choncho foni yoyamba ikhale ya ku inshulansi. Vuto lalikulu ndi lakuti inshulansi ya nyumba wamba imalipira za mphepo, denga likasasuka, mtengo ukagwera nyumba, koma siilipira madzi osefukira ochokera pansi. Amenewo amafuna inshulansi ina yapadera, yambiri imachokera ku NFIP, pulogalamu ya boma yomwe inayamba mu 1968 ndipo imayendetsedwa ndi FEMA yomweyo. Imalipira mpaka $250,000 pa nyumba ndi $100,000 pa katundu, ya bizinesi mpaka $500,000 mbali iliyonse, ndipo mukagula lero imayamba kugwira pakatha masiku 30, nde kugula mutawona namondwe pa TV n'kuchedwa. Kumapiri a North Carolina anthu ochepa zedi ndi amene anali nayo poti ndani angaganize za madzi osefukira ali kutali ndi nyanja chonchija, ndipo ndi chifukwa chake Helene anasiya mabanja ambiri opanda pogwira kupatula FEMA ndi loni.

Olo ya mphepoyo ilinso ndi pake. Ku Florida pali deductible ya namondwe, gawo lomwe mumalipira nokha, yomwe nthawi zambiri imakhala 2%, 5% kapena 10% ya mtengo womwe nyumba munaiikira inshulansi, ndiye kuti pa nyumba ya $300,000 yokhala ndi 5% mumayamba mwatulutsa $15,000 yanu kampani isanaikepo kanthu. Mpata umenewo loni ya SBA itha kuutseka. Podikira, ngati denga lang'ambika, US Army Corps of Engineers nthawi zina imatsegula Operation Blue Roof, amabwera kudzakhoma pulasitiki yolimba ya buluu padenga mwaulere kuti mvula isapitirize kulowa, ndi chifukwa chake zithunzi za m'mwamba za ku Fort Myers pambuyo pa namondwe Ian mu 2022 zinali buluu yekhayekha.

Pali lamulo lina lomwe limadzidzimutsa anthu a m'mphepete mwa nyanja. Ngati nyumba ili m'dera lomwe mapu a FEMA amati ndi la madzi osefukira, ndipo kukonza kwake kukufika theka la mtengo wa nyumbayo, a mzinda sakulolani kungokonza, muyenera muikweze kapena muimangenso motsatira malamulo atsopano. Kukweza nyumba ndi ndalama zambiri, NFIP imathandizapo mpaka $30,000 basi. Apa ndi pamene munthu amayenera akhale pansi ndi pensulo, chifukwa kutenga loni yokonzera mkati musanamve kuti a mzinda ayeza bwanji kutha kukusiyani ndi ngongole pa nyumba yomwe simuloledwa kukhalamo. Komanso mukalandira thandizo la boma pa nyumba ya m'dera lotere mumayenera kukhala ndi inshulansi ya madzi osefukira mpaka kalekale, mukaisiya namondwe wina akadzabwera adzakukanizani.

Ndiye pali ndalama ya HUD, unduna wa za nyumba, yomwe amaitcha CDBG-DR, iyi ndi imene imamangira anthu osauka nyumba zonse mwaulere kapena pafupifupi mwaulere, ndipo nthawi zina imathandizanso mabizinesi. Ikanakhala yachangu bwenzi ili pamwamba pa zonse. Koma imadikira Congress ivomereze, kenako HUD igawe, kenako state ilembe dongosolo, anthu alembetse, nde pamadutsa chaka kapena zaka. Ya Helene inavomerezedwa mu Disembala 2024, North Carolina inapatsidwa pafupifupi $1.4 billion ndipo mzinda wa Asheville $225 million padera. Pambuyo pa Harvey wa 2017 mzinda wa Houston ndi boma la Texas anakangana zaka zambiri za amene ayendetse ndalamazo anthu akugona m'nyumba zankhungu. Pambuyo pa Katrina wa 2005, pulogalamu ya Road Home ku Louisiana inkapereka mpaka $150,000 koma inkawerengera potengera mtengo wa nyumba namondwe asanabwere osati ndalama yomangiranso, nde anthu akuda a ku New Orleans amene nyumba zawo zinali m'madera otsika mtengo analandira zochepa pamene simenti ndi matabwa mtengo wake unali umodzimodzi kwa aliyense, mpaka nkhaniyo inakafika kukhoti. Nde lembetsani ikatsegulidwa, koma musakane zina zonse n'kumadikira iyoyo. Chimodzimodzi zoti boma ligule nyumba yanu pa mtengo wa namondwe asanabwere n'kuigwetsa, ndi njira yabwino kwa amene madzi amulowera kangapo ndipo watopa, koma imatenga zaka mukulipirabe mortgage.

Za msonkho ndingotchula mwachidule, zomwe mwaluza ndipo palibe wakulipirani mutha kuzilemba pa Form 4684 ya IRS, ndipo amalola kuziika pa msonkho wa chaka chapitacho kuti refund ibwere msanga.

Ndikaziika pa sikelo, wa lendi ayambe ndi FEMA, ndipo loni aiganizire pokhapokha ngati galimoto yopitira kuntchito yapita. Mwini nyumba amene ali ndi inshulansi yabwino, SBA ndi yongotsekera mpata. Mwini nyumba amene madzi amulowera alibe inshulansi ya madzi, ameneyo alembetse konsekonse tsiku limodzi, FEMA, SBA, mipingo, ndipo dzina lake likhale pa mndandanda wa state podikira ya HUD. Wa geni ayambe ndi unemployment ija ndi ma grant ang'onoang'ono, loni atenge yochepa yomwe angabweze olo malonda atatsika ndi theka.

Musanataye kalikonse jambulani, mzere wa madzi pakhoma muikepo tepi yoyezera iwoneke pachithunzi, nambala ya filiji ndi ya makina ochapira ijambuleni musanazitulutse kumsewu, malisiti onse sungani zaka zitatu chifukwa FEMA itha kudzafunsa mmene munagwiritsira ntchito ndalama. Inspector wa FEMA salipiritsa ndipo amakhala ndi ID ya chithunzi, wina akabwera kufuna ndalama kapena nambala ya akaunti yanu ya ku banki ndi wakuba ameneyo, chimodzimodzi kontilakitala wofuna ndalama yonse asanakhome msomali.

Kalata ya FEMA ikabwera yoti simukuyenerera musaiponye m'bini, werengani mpaka pansi, nthawi zambiri chimakhala chasowa ndi pepala limodzi, kaya kalata ya inshulansi yonena zomwe alipira kapena kukana, kaya umboni woti mumakhaladi pamenepo. Pambuyo pa Maria mu 2017 anthu ambirimbiri ku Puerto Rico anakanidwa chifukwa nyumba zinali zosiyiridwa ndi makolo zopanda title deed, ndipo mu 2021 FEMA inafewetsa, pano imalandira mapepala ena monga malisiti a msonkho wa nyumba kapena a zokonzetsa zikuluzikulu, ndipo pena ngakhale kalata yolemba nokha yotsimikiza kuti nyumbayo ndi yanu. Muli ndi masiku 60 kuchokera pa deti la kalatayo kuti muchite apilo, ikanimo quotation ya kontilakitala yokhala ndi nambala yake ya foni kuti athe kumuimbira, lembani nambala yanu ya application pa tsamba lililonse, ndipo ngati pafupi pali Disaster Recovery Center pitani nokha ndi mapepala onse m'manja, a FEMA ndi a SBA amakhala m'chipinda chimodzi momwemo.